Kudya za cholembera uli ku Tete: mmene mungapezere ndalama ya mwezi ndi mwezi polemba pa intaneti

Abale anga, funso ili ndayankha mmodzimmodzi pa WhatsApp mpaka chala kuwawa, ndiye ndati bola ndilembe kamodzi zonse aliyense adziwerengere pa nthawi yake. Ofunsa ambiri ndi achinyamata oti anamaliza 12ª classe angokhala pakhomo, ena aphunzitsi, ena ophunzira a ku UniZambeze kuno ku Ulongwe, ndipo funso lake ndi lomwelomwelo, akuti achimwene timamva kuti anthu akulandira madola chifukwa cholemba nkhani pa intaneti, ndi zoona kapena ndi zongotithera ma mega? Ndi zoona ndithu. Koma ndalama yogwa kamodzi ngati mvula ya chizimalupsa ndi ina, ndalama yoti mwezi ukamatha uzidziwa kuti magetsi a Credelec ndigula, sopo ndigula, ya chapa ilipo, imeneyo ndi inanso, ndipo ine ndikufuna tikambe yachiwiriyi. Imachokera kwa anthu owerengeka amene amabweranso sabata ndi sabata kudzawerenga zanu, ndipo imakufikani pokhapokha ngati njira yoti idutse munailambula musanayambe kulemba.

Choyamba penipeni, tsatani njira ya ndalama, kulemba kubwere pambuyo

Ndiyambe ndi zimene zinandiwawa ine. Chaka changa choyamba ndinalemba miyezi inayi pa pulatifomu ina yakunja, usiku uliwonse ana akagona ine pa mphasa foni m'manja bulangete pamapewa, kuzizira kwa Angónia mukukudziwa, ndipo pa akaunti panayamba kuoneka timadola, lero 2, sabata inayo 5, mtima n'kukhala pansi kuti zayamba. Tsiku loti nditape ndi limene ndinaona kuti pa mndandanda wa mayiko amene iwo amalipira dzina la Mozambique palibe. Ndalama ija inathera pomwepo, kuiona ndi maso basi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo madola ooneka pa sikirini ndi a pachala mpaka atalowa mu akaunti yanu.

Ndiye musanatsegule akaunti paliponse, lowani pa tsamba lawo lofotokoza za malipiro muone kuti amalipira anthu a mayiko ati, amalipira kudzera kuti, komanso ndalama ifike pa zingati kuti aitulutse. Mindandanda ya mayikoyi imasinthasintha, onani nokha ndi maso anu tsiku lomwelo, osadalira vidiyo ya pa YouTube ya munthu wa ku Brazil kapena ku Nigeria chifukwa zimene zikutheka kwawo sizitanthauza kuti kuno zitheka.

Kenako mapepala. Chiphaso cha BI choti sichinathe ntchito, nambala ya msonkho ya NUIT, ndi akaunti ya ku banki ya dzina lanu lomwe, kaya ndi BCI, Millennium bim, Standard Bank, Absa kapena Moza, iliyonse imene ili ndi nthambi pafupi nanu. Makampani akunjawa amatumiza ku banki, osati pa M-Pesa kapena e-Mola. Mukapita ku banki pemphani akulembereni NIB yanu, nambala ya akaunti ya manambala 21, akupatseninso zolandirira ndalama yochokera kunja, IBAN imene imayamba ndi MZ59 ndi khodi ya SWIFT ya bankiyo. Ndipo mufunse momasuka kuti ndalama ikabwera kuchokera kunja amadulapo zingati ndiponso adzafuna pepala lanji losonyeza komwe yachokera, safunsa anadya phula. Dzina limene mulembe pa pulatifomu likhale ndendende la pa BI, chilembo ndi chilembo, kwathu kuno munthu mmodzi amakhala ndi dzina la kumudzi, la kutchalitchi ndi la pa BI, ndiye kusiyana pang'ono kokha kumaimitsa malipiro. Chinanso chimene ndikupemphani musachite, kulembetsa ngati mukukhala ku Malawi kapena ku Joni pogwiritsa ntchito akaunti ya m'bale kapena VPN, pulogalamu yobisa dziko limene muli. Zimayenda miyezi iwiri itatu, tsiku lina akufunsani chiphaso cha dziko limenelo, akaunti n'kutsekedwa ndi nkhani zanu zonse zili momwemo, kapena ubale n'kutha chifukwa cha ndalama yodutsa m'manja mwa wina.

Chachiwiri, dziwani kuti aliyense amalipira bwanji

Medium, tsamba la pa intaneti limene anthu amalembapo nkhani, inayamba 2012. Owerenga amalipira madola 5 pa mwezi kapena 50 pa chaka, ndiye mbali ina ya ndalama imeneyo imagawidwa kwa olemba amene ali mu Partner Program malinga ndi mmene mamembala olipirawo awerengera nkhani zawo, makamaka nthawi imene akhala akuwerenga. Mvetsani pamenepa, munthu wongodina n'kutuluka sakupatsani kanthu, ndipo abale anu onse a ku Domwe atawerenga koma sali mamembala olipira ndalama yake siioneka. Inunso muyenera kukhala membala kuti mulowe, kutanthauza kuti mwezi uliwonse mukutulutsa madola 5, ndipo poti dola yakhala ikuzungulira pa meticais 64 kwa zaka zingapo tsopano, ndiye kuti pafupifupi 320 MT, kudzera pa khadi ya banki yololedwa kugula pa intaneti. Amalipira kudzera pa Stripe, kampani yodutsitsa malipiro a pa intaneti, ndalama ikakwana madola 10, ndiye onani mndandanda wawo wa mayiko musanalipire umembala. Owerenga olipira ambiri kumeneko ndi a Chingerezi.

Substack inayamba 2017 ndipo imayenda mwina, inu mukalemba nkhani imapita pa imelo ya aliyense amene analembetsa. Kuyamba ndi ulere. Mukayamba kulipiritsa iwo amatengapo 10 peresenti, Stripe nayo imadula yake. Vuto kwa ife ndi lakuti kulipiritsa kumafuna akaunti ya Stripe ya ogulitsa, ndipo imeneyo kwathu kuno siitseguka. Koma musaitaye, mbali yaulere ndi yabwino kwambiri chifukwa mndandanda wa ma imelo a owerenga ndi wanu, mutha kuukopera n'kuusunga.

Amazon KDP ndi ya mabuku. Buku la pa foni mukaliika mtengo wa pakati pa madola 2.99 ndi 9.99 mutha kulandira 70 peresenti, kunja kwa pamenepo ndi 35, ndalama imabwera patapita masiku pafupifupi 60 mwezi umene munagulitsawo utatha, ndipo pa zogulitsidwa ku America amadula msonkho wa 30 peresenti chifukwa dziko lathu lilibe pangano la misonkho ndi America. Ndiye pali Google AdSense ya otsatsa malonda pa tsamba lanulanu, imatulutsa ndalama ikakwana madola 100, imalandira Chipwitikizi ndi Chingerezi koma Chichewa ayi, ndipo kuti mufike pa 100 pamafunika chinamtindi cha owerenga.

Maganizo anga ndi awa, palibe imodzi mwa zimenezi imene payokha ingamudyetse munthu wa ku Tsangano kapena ku Furancungo chaka choyamba. Mphika umakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi owerenga a kwathu konkuno olipira pang'ono pa M-Pesa ndi e-Mola, lachiwiri ndi pulatifomu yakunja imene mwatsimikiza kuti imalipira ku Mozambique, lachitatu ndi maganyu obwera chifukwa choti anthu aona kuti mumatha kulemba. Anthu amathamangira lachiwiri chifukwa cha dola, koma lolimba kwambiri ndi loyamba lija.

Chachitatu, sankhani munda umodzi

Apa ndipamene ambiri amasochera. Lero za mpira, mawa za chikondi, mkucha za ndale, kenako nkhani yakuti njira khumi zolemerera yokopera kwa azungu, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nkhani zoterozo zilipo kale zambirimbiri zolembedwa ndi anthu a ma kompyuta abwino ndi netiweki yosadukaduka, simungawapose. Koma pali zinthu zimene inu mukuziona ndi maso tsiku lililonse zoti wa ku Maputo, wa ku Lilongwe kapena wa ku London sangazione. Mtengo wa kachewere ku Tsangano ndi mmene umasinthira akafika mavenda a mathiraki. Malonda a m'malire ku Calómuè, ku Biri Biri, ku Zóbuè, kusintha kwa metical ndi kwacha m'manja mwa anyamata osintha ndalama. Mlimi wa fodya wa pa kontirakiti, ngongole ya fetereza ndi tsiku logulitsa. Malasha a ku Moatize ndi sitima imene imadutsa m'Malawi kupita ku Nacala, moyo wa mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme. Kapenta wa pa Cahora Bassa, chicoa, mbuzi za ku Tete, masau ndi malambe. Aliyense mwa amenewa ndi munda woti munthu mmodzi angalime zaka.

Ine ndinasankha za msika wa mbewu, ndipo nkhani imene inandibweretsera owerenga okhazikika oyamba inali yosavuta konse. Ndinadzuka 4 koloko m'mawa mwezi wa Julayi, nkhungu ili tolo, ndinakaima pamene alimi amatsitsa matumba a kachewere. Mayi wina wachikulire anafika ndi ngolo ya ng'ombe, chitenje chimodzi m'chiuno china kumutu, matumba ake odzadza mpaka kusokerera pamwamba ndi luzi. Venda anangogwira thumba limodzi, kutulutsa mbatata ziwiri zapamwamba, n'kunena mtengo akuyang'ana kumbali. Mayi aja sanayankhe, anangokhala pa thumba lawo n'kuyamba kusenda nzimbe. Patapita theka la ola thiraki ina itaima, mtengo unakwera venda yemwe uja akuitana "amayi, amayi, tiyeni timvane". Ndinawapempha chilolezo, ndinalemba zimenezo basi, ndi mitengo ya tsiku limenelo m'munsi mwake. Sabata yotsatira anthu anayamba kundifunsa okha kuti lero msika uli bwanji. Ukaona anthu akufunsa okha usanatumize, dziwa kuti munda waupeza.

Kamawu kamodzi pa za chikhalidwe. Gule Wamkulu anadziwika padziko lonse pamene UNESCO inamulemekeza mu 2005, wa Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu athu amapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi. Akunja amazikonda nkhani zimenezi ndipo zimawerengedwa. Lembani za pabwalo, nyimbo, ng'oma, mwambo wa maliro mmene aliyense amaonera. Koma za kudambwe sizogulitsa, kaya akulonjezeni madola angati. Mudzakhalabe m'mudzi momwemo nkhaniyo itaiwalika.

Chachinayi, chilankhulo

Ife a kuno tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Chichewa chimatilumikiza ndi Malawi yense ndi kum'mawa kwa Zambia, Chipwitikizi chimatifikitsa ku Beira, Maputo, Angola, Brazil ndi Portugal, ndipo ambiri a m'malire Chingerezi amachigwirako. Ine ndimayamba kulemba m'Chichewa chifukwa ndi mmene nkhani imabwera ndi fungo lake, kenako ndimailembanso m'Chipwitikizi, osati kumasulira liwu ndi liwu koma kuifotokozanso ngati ndikuuza munthu woti sanafikepo ku Angónia. Ya Chichewa imapita kwa olipira a kwathu, inayo imapita kunja. Ngati Chingerezi chanu ndi chofooka pezani mphunzitsi wa Chingerezi akuwerengereni musanatumize, mumupatseko kangachepe. Osangoponya nkhani mu Google Translate n'kuimata, owerenga amazindikira pa mzere woyamba, ndipo nkhani zolembedwa ndi makina Medium siilola kuti zilowe m'gulu la zolipidwa.

Pa kalembedwe, ife amene tinaphunzira sukulu m'Chipwitikizi dzanja limathamangira kulemba nhumba, nhama, pamene a ku Malawi ndi ku Zambia amalemba nyumba, nyama. Enanso amalemba cinthu ena chinthu. Sankhani kumodzi mukhazikike, ndipo ngati mukufuna owerenga a tsidya lina la malire lembani ny, maso awo asamapunthwe.

Chachisanu, tsiku lanu likhale lodziwika

Musanatulutse nkhani yoyamba lembani zinayi muziike m'nkhokwe. Chifukwa chake mukuchidziwa, kubwera maliro, kubwera malungo, magetsi athima masiku awiri, Disembala ndi Januwale aliyense ali kumunda kupalira ndi kuthira fetereza, ndipo owerenga akakusowani masabata atatu amakuiwalani. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, ine ndi Lolemba m'mawa, ndipo tsiku limenelo nkhani ituluke zivute zitani. Kamodzi pa sabata kosaphonya kuposa kasanu sabata ino kenako zii mwezi wathunthu.

Lembani data ili yotseka, mu Google Docs kapena pa notsi za foni, muyatse pokhapokha potumiza, ma mega amatha ndi kuyendayenda pa Facebook osati ndi kulemba. Khalani ndi ma SIM awiri, Movitel ndi Vodacom, pamene ina yakana inayo imagwira. Amene muli kumidzi kopanda magetsi, kasola kakang'ono ndi pawabanki zigulidwe ndi ndalama yoyamba, kenako kiyibodi ya Bluetooth chifukwa kulemba mawu 1,000 ndi zala ziwiri kumapweteka. Zithunzi jambulani nokha, muzichepetse zisalemere, ndipo munthu musamujambule osapempha.

Nkhaniyo payokha, mutu wake unene chimene chili mkati. "Zimene ndinaona ku msika" palibe adine, koma "Chifukwa chake kachewere watsika mtengo sabata ino ku Ulongwe" mlimi ndi venda onse aima. Ndime yoyamba ilowe m'nkhani, moni wautali siyirani pa maliro ndi pa ukwati. Mitengo, mayina a malo ndi masiku zikhale zoona zoti mwafunsa anthu awiri atatu, chifukwa munthu akakwera chapa ndi matumba ake potengera mtengo umene munalemba n'kukapeza ndi bodza, ameneyo sabweranso ndipo auza mudzi wonse. Mukalakwitsa vomerani msanga pa nkhani yotsatira. Ndipo musamunenere munthu kapena kampani zakuba popanda umboni m'manja, milandu yoipitsa mbiri ilipo.

Chachisanu ndi chimodzi, sonkhanitsani anthu anu

Facebook ndi msika, si nyumba yanu. Mumapitako kukaitana anthu, kuika ndime ziwiri zoyamba ndi chithunzi, koma tsiku lililonse akhoza kusintha malamulo kapena kukutsekerani tsamba. Chimene chili chanu ndi mndandanda wa manambala a foni ndi ma imelo a anthu amene anavomera okha kuti muziwatumizira. Tsegulani channel ya WhatsApp yaulere ya aliyense, a ma imelo muwaike pa Substack, ndipo mndandandawo muulembenso mu kope la pepala, foni imabedwa, imagwera m'madzi. Osalowetsa anthu m'gulu osawapempha, zimanyansa. Miyezi itatu yoyamba perekani ulere, muziyankha uthenga uliwonse, muzifunsa kuti sabata yamawa mukufuna ndikafufuze chani. Mayankho awo ndiwo adzakuuzeni chimene anthu angalipire.

Chachisanu ndi chiwiri, kulipiritsa

Apa ambiri timachita manyazi, timaona ngati kupempha. Si kupempha ayi, mwadzuka usiku, mwalipira chapa, mwagula ma mega. Anthu akafika poti akumafunsa okha nkhani ikachedwa, lengezani poyera kuti kuyambira mwezi wamawa nkhani ya Lolemba ikhalabe yaulere koma pali gulu lina la olipira limene lizilandira zoonjezera. Zoonjezerazo zikhale zogwirika, kwa ine ndi mitengo ya misika ingapo m'mawa anthu asananyamuke, ndi nkhani yomweyo yowerengedwa pa voice note chifukwa makolo athu ambiri kuwerenga pa foni kumawavuta koma kumvera amamvera mpaka kumapeto, ena amaika pa sipika banja lonse likumva.

Tiyerekeze masamu. Mwaika 100 MT pa mwezi, mtengo woti munthu saganiza kawiri. Anthu 40 akalipira ndi 4,000 MT. Chotsanipo ma mega, ya mayendedwe ndi imene amadula potapa kwa agente, yotsalayo ndiye yanu. Si yambiri, koma ikubwera mwezi uliwonse ndipo mukudziwa mayina a anthu amene ikuchokera, akafika 100 ndi 10,000 MT. Yerekezani ndi madola 100 a AdSense, amene ndi pafupifupi 6,400 MT, oti mwina mudikira chaka kuti akwane. Anthu 64 a kwanu konkuno akupatsani yomweyo mwezi umodzi.

Landirani pa zonse ziwiri, M-Pesa pa *150# ndi e-Mola pa *898#, kuti wina asanene kuti ine ndili ndi Movitel yokha. Ngati n'kotheka nambala yolandirira ikhale yapadera, yosiyana ndi imene mumagulira ndiwo, kuti ndalama ya ntchito isasakanikirane ndi ya pakhomo. Alimi ambiri amakhala ndi ndalama nthawi yokolola, ndiye apatseni mwayi wolipira miyezi isanu ndi umodzi kamodzi pamtengo wotsikirako, ndipo inu ndalama imeneyo musaidye tsiku limodzi, muigawe pa miyezi yake. Abale a ku Joni ndi a ku Malawi amene akufuna kulowa nawo, chosavuta ndi kuti alipire kudzera mwa wachibale wawo amene ali kuno.

Ena adzatumizira anzawo ulere zimene mwalembera olipira. Zidzachitika, musataye nazo tulo. Ikani dzina lanu ndi nambala yolembetsera pansi pa nkhani iliyonse ndi kumayambiriro kwa voice note iliyonse, ikamayenda izikutsatsirani malonda. Ndipo poti mitengo ya m'mawa ikafika madzulo yatha ntchito, woifuna pa nthawi yake adzalipira.

Fuwa lachitatu lija limabwera lokha koma mulikonzekere. Wa sitolo ya mbewu ndi mankhwala adzafuna mumuikire uthenga wa malonda, mabungwe ogwira ntchito ndi alimi amasowa munthu womasulira Chipwitikizi kupita m'Chichewa chomveka kumudzi, wina adzafuna mumulembere mbiri ya banja kapena ya mpingo. Gwirizanani mtengo musanayambe, theka alipiretu, ndipo uthenga wa malonda muzilemba poyera kuti awa ndi malonda. Mankhwala kapena mbewu imene inuyo simungaike m'munda mwanu musaitsatse, owerenga anu amakukhulupirirani ngati mnansi. Nkhani zikachuluka, chaka chikatha sankhani zabwino muzisonkhanitse kabuku, ka Chipwitikizi kapena Chingerezi kapite ku KDP, ka Chichewa mugulitse nokha ngati PDF pa M-Pesa.

Akuba nawo ali tcheru

Pulatifomu iliyonse yoti mulipire kaye ndalama yolembetsera kwa munthu pa M-Pesa kuti muyambe kulandira madola tsiku lililonse, kapena yoti mubweretse anzanu asanu kuti mukwere, thawani. Umembala wa Medium mumalipira pa tsamba lawo lenileni, osati kwa munthu wa pa WhatsApp. Nambala yanu ikayamba kudziwika ma SMS aja akuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi adzachuluka, enanso adzaimba kuti ndatumiza molakwitsa bwezani, inu yang'anani saldo yanu kaye musanakhulupirire uthenga. PIN simuuza munthu, khodi ya WhatsApp yobwera pa SMS simuuza munthu, ndipo yatsani chitetezo cha magawo awiri pa imelo ndi pa WhatsApp lero lomwe, chifukwa akakulandani nambala adzapempha ndalama kwa owerenga anu m'dzina lanu.

Kope la ndalama

Gulani kope la sukulu wamba. Tsamba lililonse mwezi wake, dzina, tsiku limene walipira, zingati, pa M-Pesa kapena e-Mola, kumbuyo kwake zimene mwawononga. Dzilipireni ndalama yofanana mwezi uliwonse ngakhale mwezi umene zayenda bwino, yotsala ikhale yodikira miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale olipira amachepa chifukwa aliyense ndalama yapita ku fetereza ndi ku sukulu. Zikayamba kukula pitani ku ofesi ya Autoridade Tributária ndi NUIT yanu mukafunse za msonkho wa amalonda ang'onoang'ono, ISPC, kope lija lidzakuthandizani kumeneko ndi ku banki komwe. Amene muli pa ntchito kapena muli ndi munda musasiye, dikirani mpaka ndalama ya zolemba ikwanitse zofunika za pakhomo miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, kuphatikizapo miyezi ya njala ija.

Pa 1 mwezi uliwonse ndimatumiza uthenga umodzi wokumbutsa pa gulu. Pa 5 ndimakhala pansi ndi kope ndi foni, kuchonga amene alipira, otsalawo ndimawalembera mmodzimmodzi mwaulemu, "bambo, mwezi watha uja, kodi tipitirize?" Ambiri amangoti pepani ndinaiwala, n'kutumiza. Wina akati mwana ali m'chipatala ndimamusiya m'gulu mwezi umenewo osamuuza wina aliyense. Amene sanayankhe pofika pa 10 ndimamuchotsa mwakachetechete ndi kumuuza kuti khomo ndi lotsegula, ndipo dzina lake m'kope sindifufuta, ndimangoika kadontho pambali, chifukwa kachewere akayamba kukumbidwa ambiri a iwo amabweranso.